Miyendo Yanga M'bwato la Bambo

Ndikukumbukira kuti zinayambira ku zala za kumapazi. Ndinali ndi zaka mwina zisanu ndi zinayi, sindinganene motsimikiza chifukwa kwathu kunalibe wolemba masiku obadwa. Inali nyengo yomwe chimfine choopsa chija chinali chitangodutsa, chija chinabwera nkhondo ya Ajeremani itatha n'kusesa midzi ya m'mbali mwa Shire. Mudzi wathu unali kumwera kwa Nsanje, panjira ya ku Marka, pamtunda pang'ono kuchokera ku dambo la Ndindi. M'nyumba mwathu chimfinecho chinatigwetsa tonse koma sichinatenge munthu. Ine ndiye ndinayamba kudzuka, ndipo amayi ankandinyadira kwa anzawo kuti mwana wawo ndi wolimba.

Patapita masabata awiri, tikuchokera kotunga madzi ndi atsikana anzanga, ndinamva ngati nyerere zikuyenda m'zala za kumapazi. Ndinaima n'kuyang'ana, koma panalibe nyerere. Nditayenda pang'ono ndinapunthwa pamalo pomwe panalibe chitsa kapena mwala, mtsuko n'kusweka. Anzanga anaseka, amayi anandikalipira, nkhani inathera pomwepo. M'mawa mwake ndinalephera kukwera khonde lathu, lomwe ngakhale mwana wongoyamba kuyenda ankalikwera. Tsiku lachitatu ndinafuna kudzuka pamkeka koma miyendo sinandimvere.

Panalibe chilonda, panalibe chotupa. Miyendo inali yomweyo, yakuda bwino, ya fumbi, kungoti inali ngati ya munthu wina amene waiiwala pamkeka panga. Msana wokha ndi umene unkawawa. Kufookako kunakwera tsiku ndi tsiku, kuchokera m'mapazi kufika m'mawondo, kenako m'ntchafu, kenako m'manja, mpaka chikho cha phala chinayamba kundipulumuka. Amayi ankabwera pafupipafupi kudzaika khutu pachifuwa panga. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti akundisangalatsa. Ndinadzazindikira nditakula kuti ankamvetsera ngati mpweya ukulowabe. Patatha masabata awiri kapena atatu matendawo anaima. Sanakwerenso, koma sanatsikenso.

Pano ndiyenera kufotokoza za bambo anga, a Zuze. Anali Msena wa kutsidya, kwa Apwitikizi. Anathawako ali mnyamata chifukwa cha ntchito yokakamiza, nadzakwatira amayi, omwe anali Amang'anja, n'kukhala pachikamwini. Anali munthu wamfupi, wosalankhula zambiri, ndipo Chimang'anja chawo chinali chosakaniza ndi Chisena mpaka tsiku la imfa yawo. Chuma chawo chonse chinali bwato limodzi, lomwe iwo ankalitchula kuti mwadiya, ndi ukonde. Kwathu mkamwini analibe mawu pa ana. Ana anali a amalume. Mwini mbumba yathu anali amalume a Thengo, alongo awo a amayi, munthu wamtali wokonda kulongosola zinthu mpaka womva atatopa.

Amalume sanali munthu woipa ayi. Ndiwo anayenda ulendo wa tsiku lonse kukatenga sing'anga, ndipo ndiwo anapereka nkhuku. Sing'angayo ananditema mphini m'mawondo ndi mu akakolo, n'kupakamo mankhwala akuda oyabwa. Anasiya lamulo limodzi, lakuti mwana agone, asamusunthesunthe, chifukwa matendawa akamva kugwedezeka adzuka n'kukwera kumtima. Aliyense anaona kuti ndi mawu anzeru. Matenda anali ataima, nanga bwanji kuwaputa?

Ndiye ndinagona. Ndinaloweza denga lathu udzu ndi udzu. Ndinkadziwa nthawi yomwe buluzi ankatsika pa mzati, ndi nthawi yomwe dzuwa linkalowa pa kabowo ka khoma n'kufika pa phazi langa. Kunja kunkatentha monga kumatenthera kwathu mwezi wa mvula, mpweya wolemera ngati nsalu yonyowa. Thukuta linkatsikira m'makutu, ntchentche zinkatera pamwendo ine n'kumangoziyang'ana. Chomwe chinkandipweteka kuposa zonse chinali kunyamulidwa ndi amayi kupita kuthengo, mtsikana wamkulu ngati ine, anzanga akuona.

Bambo anali atangobwera kumene kuchokera kunkhondo, komwe anali mtengatenga, wonyamula katundu wa asilikali. Za kumeneko sankazikamba. Koma m'mawa wina, anthu onse atapita kudimba, analowa m'nyumba n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi anga. Anawayang'ana nthawi yaitali. Mapaziwo anali atayamba kuweramira pansi ngati masamba ofota, ndipo pa chidendene panali patayamba kachilonda. Anagwira phazi limodzi n'kulikankhira m'mwamba pang'onopang'ono. Linakana, ndipo ine ndinakuwa.

"Kunkhondo ndinaona anthu odwala kamwazi," anatero bambo, osandiyang'ana kumaso. "Anagona miyezi iwiri. Kamwazi anatha, koma mawondo anali atauma chopinda. Anabwerera kwawo chokwawa. Inenso ndinagona, koma ndinkadzuka nditagwira mtengo tsiku lililonse."

Sanandifunse maganizo anga. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse mudzi ukakhala zii, ankabwera kudzapinda ndi kuwongola miyendo yanga, bondo ndi bondo, chala ndi chala. Manja awo anali okhakhala, onunkha nsomba ndi utsi. Ankanditembenuza kuti ndisagonere mbali imodzi. Ndinkadana nazo kwambiri, ndipo ndinawaopseza kuti ndikanena kwa amalume. Sindinanene, mwina chifukwa inali nthawi yokhayo pa tsiku yomwe china chake chinkachitika.

Tsiku lina amayi anabwerera msanga kudzatenga khasu lomwe anaiwala, n'kutipeza mwendo wanga uli m'mwamba. Anaima pakhomo. Bambo sanasiye. Amayi anayang'ana mwendowo, nayang'ana amuna awo, kenako anatenga khasu lawo.

"Ine sindinaone kanthu," anatero, n'kutuluka.

Zikanathera pomwepo mwina amalume sakanadziwa. Koma bambo anali ndi ganizo lina. Monga munthu wa pamadzi, ankadziwa kuti chinthu cholemera pamtunda chimapepuka m'madzi. Kunditengera kumtsinje sikukanatheka, chifukwa ng'ona za kwathu sizinkasankha wodwala ndi wabwinobwino. Ndiye anaganiza zobweretsa madziwo kunyumba. Anapempha anzawo atatu, nakoka bwato lija kuchokera padoko, kuligubuduza pa mitengo, mpaka kulifikitsa pansi pa msawu womwe unali kuseri kwa nyumba yathu. Mudzi wonse unatuluka kudzaona bwato likuyenda pamtunda.

Amalume anafika madzulo dzuwa lisanalowe. Ine ndinkamva zonse ndili m'nyumba.

"Alamu, mwadiya uyu akutani pano?"

"Ndikufuna mwana azisamba m'menemu."

"Sing'anga anati chiyani?"

"Anati agone. Wagona mwezi wathunthu. Bwerani mudzaone mapazi ake."

Amalume analowa, nayang'ana mapazi anga, n'kutulukanso. Kenako analankhula nthawi yaitali, za mwambo, za mbumba, za amene anaika mchombo wake m'nthaka ino ndi amene anangobwera. Mapeto ake ndimawakumbukira bwino.

"Mwana uyu akafera m'bwato mwanu, mudzalikoka nokha kubwerera nalo padoko, ndipo mudzapalasa osayang'ana m'mbuyo."

"Ndamva," anatero bambo.

Ndinali mwana, koma ndinamvetsa. Ndikanafa ine, bambo akanathamangitsidwa pamudzi, kusiya amayi ndi ang'ono anga. Ndipo kwawo komwe anathawa kuja kunalibe kobwerera. Panalinso china. Inali nthawi ya njala, mapira asanache, pomwe anthu ankadya nyika, timizu ta m'dambo towawa pang'ono tija. Nsomba za bambo ndi zomwe zinkatisiyanitsa ndi mabanja ena. Bwato litakwera kumtunda, ndiwo zinatha. Bambo ankangovuula ndi mono m'mphepete, ndipo masiku ambiri ankabwera ndi tinsomba tosadzaza dzanja. Ang'ono anga ankandiyang'ana ngati ine ndadya nsomba zawozo.

Kudzaza bwato ndi madzi si ntchito yamasewera. Amayi ankatunga, koma okha sakanatha, choncho bambo nawonso anasenza mtsuko pamutu. Mwamuna wosenza mtsuko chinali chinthu chachilendo kwambiri, moti akazi pachitsime ankagwa ndi phwete. Sankadziwa kuika nkhata, madzi ankawatayikira kumsana, koma ankabwererabe. Madziwo ankawasiya kuti afunde ndi dzuwa, ndipo likafika pamutu ankandinyamula n'kundigoneka m'menemo, mutu atautsamiritsa pa mtolo wa udzu.

Tsiku loyamba ndinachita mantha, koma mantha anatha msanga. Madzi anali ofunda ngati mkaka wongokama. Bwato linkanunkha milamba ya zaka zambiri, ndipo mamba a nsomba ankayandama pafupi ndi chibwano changa. Miyendo ija, yomwe pamkeka inkalemera ngati zipika, inadzuka yokha n'kuyandama. Ndinaiyang'ana modabwa. Masamba a msawu ankagwera m'madzi, nkhuku zinkakwera m'mphepete kudzamwa, agalu ankazungulira chifukwa cha fungo. Anthu odutsa ankafuula kuti a Zuze lero mwagwira yaikulu, muiwamba liti? Bambo ankangogwada pambali, dzanja limodzi pansi pa bondo langa, n'kumati, "Kankha. Kankhanso."

Ndinkakankha ndi mtima wonse, koma palibe chinkasuntha. Iwo ankayendetsa mwendowo okha n'kunena kuti ndachita bwino. Zinakhala choncho masiku ambiri. Kenako tsiku lina, madzi ali bata, ndinaona timafunde tating'ono tikuchokera kumapeto a bwato. Ndinaganiza kuti mwagwera chiwala. Chinali chala changa chachikulu cha phazi la kumanja, chikugwedezeka pang'ono chabe, ngati mutu wa kamba. Bambo anachiona. Anapukuta kumaso ndi chikhatho, nati ndichitenso.

Apa m'pamene bambo analakwitsa. Chimwemwe chinawapitirira. M'masiku otsatira, mphamvu zitayamba kubwerera m'ntchafu, ankandisunga m'madzi mpaka khungu la zala litakwinyika, n'kumandiuza kuti ndikankhe kambirimbiri. Inenso ndinkafuna kuwasangalatsa. Tsiku lina ananditulutsa ndikunjenjemera, ndipo m'mawa mwake sindinathe ngakhale kukweza dzanja. Chala chija chinangoti zii. Thupi lonse linkawawa ngati andipuntha ndi munsi. Amayi anayambiranso kuika khutu pachifuwa panga.

Amalume anabwera n'kukhala pakhonde. Ulendo uno sanalankhule, ndipo kukhala chete kwa munthu ngati iwo kunali koopsa kuposa mawu. Bambo anakhala kumapeto ena a khonde lomwelo akusoka ukonde womwe unalibe pong'ambika. Anakhala choncho masiku atatu, aliyense kupita kukadya kwake n'kubwereranso. Tsiku lachinayi dzanja langa linagwira chikho. Lachisanu chala chinagwedezekanso.

Amalume analowa m'nyumba n'kugwada pafupi nane. Anachita chinthu chomwe palibe wamkulu aliyense anali atachita chiyambire matendawo. Anandifunsa.

"Iwe, m'bwato muja ukufuna kubwereramo?"

"Eya, amalume."

"Chifukwa chiyani?"

"Muli mozizira bwino. Ndiponso mulibe ntchentche."

Chinali choonadi. Sindinkaganiza za kuchira, ndinkangotopa ndi mkeka. Amalume anaseka pang'ono m'mphuno, natuluka, ndipo ndinawamva akuuza bambo kuti, "Mwana si ng'ombe, alamu. Muzisiya asanatope."

Bambo anamvera. Anatola nthanga za masawu n'kuziika m'chigoba. Ndikakankha kamodzi ankachotsa imodzi, zikatha basi, ngakhale ine nditafuna kupitiriza. Anayamba ndi zisanu. Pakapita masiku angapo ndisanadandaule ankawonjezera imodzi. Ankandiyang'ana pakamwa, milomo ikayamba kunjenjemera ankanditulutsa. Masiku ena ndinkapuma osalowa m'madzi konse. Zinayenda pang'onopang'ono kwambiri, moti anthu anasiya kubwera kudzaonerera. Ngakhale agalu anazolowera.

Mapira atacha ndinali nditayamba kukhala tsonga ndekha. Kenako ndinayamba kukwawa. Mwatsoka, mwana wa amayi aang'ono nayenso anali pa msinkhu wokwawa, ndipo ankandipitirira pabwalo akuseka, dovu lili chuchuchu. Palibe chinandichititsa manyazi ngati chimenecho. Pambuyo pake bambo ankandiimiritsa nditagwira mtondo wosinjira. Mawondo ankagwedera ngati a mwana wa mbuzi wongobadwa. Iwo ankaima kumbuyo kwanga n'kumati, "Lamuka, lamuka," komwe pa Chisena ndi kunena kuti dzuka.

M'mawa wina tinamva kukumba kuseri kwa nyumba. Anali amalume. Anali atapita kumapiri dzulo lake kukadula nsungwi. Anazika mafoloko awo... ayi, ndinene bwino, anazika mitengo ya mphanda m'mizere iwiri, n'kugoneka nsungwi pamwamba, mulingo wa m'chiuno mwanga, kuti ndiziyenda pakati nditagwira uku ndi uku. Sanapepese kwa bambo, ndipo bambo sanayembekezere kupepesedwa. Anangotsutsana za kutalika kwa nsungwizo, amalume n'kupambana monga mwa masiku onse.

Pakati pa nsungwi zimenezo ndinayendapo nyengo yonse yozizira, mpaka pansi panakumbika kanjira. Nthawi yokolola thonje itafika anandipezera ntchito. Ankandiika m'thumba lalikulu lomangiriridwa pa mtengo, ine n'kumapondaponda thonje kuti lilowe lambiri, manja nditagwira m'mphepete. Ndikagwa ndinkagwera pofewa. Inali ntchito yoyamba yomwe ndinagwira m'miyezi yonseyo, ndipo ang'ono anga anasiya kundiyang'ana ndi diso lija.

Tsiku lomwe ndinayenda ndekha palibe anaona. Anthu amakonda kuti nkhani ngati iyi ithere ndi nthungululu ndi misozi, koma sizinatero. Kunali masana, amayi ali kudimba, bambo ali padoko. Ndinafuna kupita kuthengo, ndipo ndinalibe mtima wodikira munthu kuti adzandinyamule. Ndinagwira khoma, kenako nkhokwe, kenako panalibenso chogwira. Ndinayenda mapazi angapo, ndinagwa, ndinadzuka, ndinafika. Pobwerera ndinapeza amayi akuzungulira nyumba, akundiitana mwamantha. Atandiona ndikutuluka patchire, mawondo ali magazi, anakhala pansi pomwepo pafumbi.

"Unali kuti?"

"Kuthengo."

"Anakunyamula ndani?"

"Palibe."

Kenako anati, "Ndiye usambe m'manja." Madzulo anauza bambo. Iwo anangogwedeza mutu. Patapita masiku awiri anaitana anzawo aja, nataya madzi, n'kuligubuduza bwato kubwerera padoko. Pansi pake panali patayamba kuwola, ndipo anatha sabata akumata. Linagwirabe ntchito zaka zingapo, koma linkalowa madzi, moti aliyense wokwera ankapatsidwa chikho chokapira. Sindikumbukira kuti ndinawathokoza. Masiku amenewo mwana sankathokoza bambo ake pa zinthu zotere, ndipo iwo akanadabwa.

Zaka zambiri pambuyo pake, ndili kale ndi zidzukulu, ndinakadikirira wodwala kuchipatala chachikulu. Pabedi loyandikana panali mtsikana yemwe miyendo yake inafooka atangochira kutsekula m'mimba. Nditamva mbiri yake ndinauza namwino kuti matenda amenewa ndikuwadziwa. Anandimvetsera moleza mtima, kenako anandifotokozera. Anati thupi lili ndi asilikali ake olimbana ndi matenda, koma nthawi zina nkhondo ikatha asilikaliwo amasokonezeka n'kuyamba kuluma mitsempha ya mwini wake, ija imatumiza mawu kuchokera kumutu kupita kumiyendo. Anatchulanso dzina lake la Chizungu, lomwe linandikanika pakamwa. Anati ena amafa matendawo akafika pachifuwa, koma ambiri mitsempha imadzikonza yokha pakapita miyezi. Ntchito ya anthu ndi kusamala kuti ikadzachira idzapeze miyendo isanaume, ndipo n'chifukwa chake amayamba msanga kuiwongola, koma osamutopetsa wodwala.

Ndinamufunsa ngati ndiye kuti bambo anga ndiwo anandichiritsa. Anati sangadziwe, popeza panalibe dokotala wondiyeza, mwinanso anali matenda ena ofanana nawo. Ndinaona kuti wayankha mwachilungamo.

Masiku ano mwana akafooka miyendo amamukweza pa njinga kapena pa galimoto, ndipo kuli anthu ophunzira amene ntchito yawo ndi yomweyo ya kupinda ndi kuwongola mawondo, amalandira malipiro, amavala zoyera. Mwamuna wosamala mwana wake wodwala sasekedwanso monga kale, ndipo amalume ambiri amamva nkhani zikatha. Zina mwa izi ndi zabwino, zina sindikudziwa. Anzanga aja anandiseka nditaswa mtsuko ambiri anapita, otsalawo akuyendera ndodo. Ine ndimapitabe kumsika wapansi. Phazi la kumanzere lokha silinabwerere lonse, limamenya pansi ndikamayenda, phwa, phwa, ngati munthu akuwomba m'manja ndi dzanja limodzi. Zidzukulu zanga zimandimva ndili kutali, ndipo ndikamafika ndimapeza zabisa kale zonse zomwe zimachita.